Amalume ndi Mabuku a Atsikana a Maso Akuluakulu

Katundu wa ku Japan amafika ku Phalombe atatopa kale kwawo. Sienta imene imatipanikiza kuchoka pa Migowi kupita ku Chitakale, wina atakhalira nkhuku, wina atakhalira mnzake, kwawoko mwina inkanyamula mayi mmodzi ndi kagalu kake. Probox yonyamula matumba a nandolo, chimodzimodzi. Ndiye tinazolowera kuti chinthu cha ku Japan chimabwera ndi matayala anayi komanso wailesi yolankhula chilankhulo chimene ngakhale dalaivala sachimva. Palibe anandichenjeza kuti anthu amenewa amapanganso mabuku a zithunzi a atsikana, ndiponso kuti mabukuwo amatha kuvula ulemu bambo wa ndevu zake.

Mchemwali wanga anatumiza mwana wake wamkazi kuti azikhala kwathu chifukwa kuno sekondale yoyendera ili pafupi. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, mawu anga salemera kwenikweni, ngakhale mbuzi zimadziwa. Koma pa mwana ameneyu ndine mwinimbumba, ndipo udindowu ndimaugwira ndi manja awiri chifukwa ndi wokhawo umene ndili nawo. Choncho nditaona kabuku kobisidwa pansi pa kope la masamu, pachikuto pali mtsikana wa maso otenga theka la nkhope ndi miyendo yosaoneka kuti inapondapo m'munda, ndinatsokomola kaye kenako n'kukalanda. Akuti anabwereka kwa mnzake amene mkulu wake amagula mabuku akale kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ndinamuuza kuti ndikakaunika ndekha, chilango adzachimva mawa.

Usiku ndinayatsa tochi n'kutsegula buku mmene anatiphunzitsira ku Sitandade 1. Nkhani inayamba bwino: mnyamata ndi mtsikana agwirana manja, misozi ya chimwemwe ili mbwembwembwe. Masamba angapo, ayamba kukangana. Pang'ono pokha, sakulankhulana. Pofika kumapeto, sakudziwana n'komwe mayina. Ndinadzutsa mayi a kunyumba n'kuwauza kuti lero ndapeza buku lonena zoona za banja. Iwo anati ndizimitse tochi, mabatire akwera mtengo.

M'mawa mwanayo anandiyang'ana mwaulemu woopsa. "Amalume, mwayambira kumapeto." Mabuku amenewa, omwe eni ake amawatcha manga, amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo chimene ife timati kumbuyo ndiye kutsogolo. Ngakhale omasulira m'Chingerezi ambiri amawasiya choncho. Chilango tinachiimika kaye. Tinagwirizana kuti kafukufuku apitirire: ine ndizigula bandulo ya intaneti, iye azindimasulira pamene Chingerezi chandikanika, zomwe zimachitika pafupifupi tsamba lililonse.

Inetu zithunzi zolankhula si zachilendo kwa ine. Tinakulira Pewani ndi Zabweka a Brian Hara m'nyuzipepala, ndipo alongo athu ankawerenga Sara, mtsikana wa UNICEF uja woyenda ndi kanyani kake Zingo. Koma Sara ankabwera ndi phunziro m'thumba, ukamaliza umadziwa kuti wadzudzulidwa. A ku Japan awa ndi malonda enieni. Magazini ya Nakayoshi inayamba mu 1954, ya Ribon mu 1955, ndipo zonse zikutulukabe. Zimakhala zonenepa, za pepala lotchipa, nkhani zambirimbiri m'magazini imodzi, iliyonse mutu umodzi pamwezi, n'kuikamo timphatso tonyengerera ana. Atsikana owerenga amatumiza maganizo awo, ndipo nkhani imene sakuikonda imadulidwa msanga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Ribon yokha inkagulitsa makope oposa 2 miliyoni pamwezi. Phalombe yense pa kalembera wa 2018 sitinakwane theka la miliyoni, kuphatikiza makanda ndi ine.

Nkhani imene inandigwira pakhosi ndi Fruits Basket, ya mayi Natsuki Takaya, yomwe inatuluka kuyambira 1998 mpaka 2006, mabuku 23. Poyamba ndinaseka kwambiri. Muli banja lina, a Soma, limene anthu ake ena akakumbatiridwa ndi munthu wosiyana nawo ziwalo amasanduka nyama: uyu khoswe, uyu galu, uyu mphaka, mpaka ng'ombe ndi njoka. Ndinamuuza mwanayo kuti kwathu kuno munthu akasanduka nyama sitilemba nkhani yachikondi, timaitana amfumu. Ndinaonjezeranso kuti ndikanakhala wa banja limenelo bwenzi ndili mtendere, chifukwa mayi a kunyumba anasiya kalekale zokumbatira.

Koma mtsikana wa m'nkhaniyo, Tohru Honda, ndi wamasiye. Bambo ake anamwalira ali wamng'ono, mayi ake afa pangozi ya galimoto. Agogo ake akukonzetsa nyumba, ndiye iye, posafuna kulemetsa anzake, wakhoma tenti m'nkhalango osauza munthu. Masana ali kusukulu, madzulo akukolopa m'maofesi kuti apeze fizi, chifukwa mayi ake ankafunitsitsa kuti amalize sekondale. Ndiyeno dothi likugumuka n'kukwirira tentiyo, chithunzi cha mayi ake chili momwemo. Pamenepa kuseka kunandithera. Ife a kunsi kwa Michesi nkhani ya phiri logumuka sitiiwerenga ngati nthano. Napolo wa mu March 1991 ena tinamuona ndi maso tili ana, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anatikumbutsa tonse kuti tenti imanunkha bwanji ikanyowa. Ana amene ankagona m'makalasi nthawi imeneyo, makope atapita ndi madzi, m'mawa ankayankhabe kuti "tadzuka bwino" ukawapatsa moni. Tohru nayenso amayankha choncho, akumwetulira, mpaka unyansidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti m'bukumu amakuonetsa zimene zikuyenda m'mutu mwake pamene akumwetulirapo.

Apa ndi pamene pali luso la mabukuwa, ndipo ndinatenga nthawi kuti ndiligwire chifukwa poyamba ndinkangodandaula kuonongeka kwa pepala. Tsamba lonse lathunthu, diso limodzi basi, maluwa akuuluka popanda mphepo, kwinako mbee. Ndinkati munthu wojambulayu inki inamuthera. Mwanayo anandilozera ndi chala: mawu amene ali m'kabwalo ndi amene munthu walankhula, amene akuyandama paokha kunja ndi amene wangoganiza. Ukayang'anitsitsa, a m'kabwalo ndi ochepa: "inde," "pepani," "palibe kanthu." Oyandamawo ndiye mtsinje. Kajambulidwe kameneka anakakulitsa ndi amayi amene anatchuka pa ntchitoyi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, monga Moto Hagio ndi Keiko Takemiya, omwe amatchedwa gulu la chaka cha 24 chifukwa ambiri anabadwa cha m'ma 1949, chaka cha 24 cha ufumu wa Hirohito. Iwo asanabwere, nkhani zambiri za atsikana ankajambula ndi amuna, kuphatikiza Osamu Tezuka amene anatulutsa Princess Knight mu 1953. Amayiwa atafika anaswa timabokosi tolongosoka tija, nthawi n'kumaima pamene mtima waima.

Ndiye taganizani. Mwana ameneyu wakhala pakhomo panga akundiyankha "chabwino amalume" pa chilichonse. Kaphike, chabwino amalume. Ndalama ya mayeso idikire nandolo agulidwe, chabwino amalume. Ine ndinkayenda monyada kuti ndikulera mwana wopanda maganizo ovuta. Tsopano akati "chabwino amalume" ndimayang'ana pamwamba pa mutu wake kufuna mawu oyandama aja, ndipo ndikukayikira kuti ambiri mwa iwo ndi okhudza ine.

Pali nkhani ina imene inandipsetsa mtima ngati Mlomwe. The Rose of Versailles ya Riyoko Ikeda, ya mu 1972, imayamba ndi mkulu wa asilikali ku France amene mkazi wake wamuberekera ana aakazi okhaokha. Atabadwa wachisanu ndi chimodzi, bamboyo akukwiya, n'kumutcha Oscar, n'kumulera ngati mwamuna. Ana aakazi asanu ndi mmodzi! Kuno munthu ameneyo akanapha mbuzi. Ndiye kuti mudzi wakula, minda ili ndi eni, akamwini asanu ndi mmodzi akubwera kudzalima ndi kufolera nkhokwe. Komabe Oscaryo akukula n'kukhala mkulu wa alonda a mfumukazi Marie Antoinette, kenako ataona mmene anthu wamba akuvutikira ndi njala akutembenukira mbali yawo, n'kufera pa nkhondo yolanda ndende ya Bastille mu 1789. Mwana wa mchemwali wanga amafotokoza kuukira kwa ku France kuja ndi mayina ndi zifukwa zake, misonkho, mtengo wa buledi, ngongole za mfumu. Ine zimenezo ndinaziphunzirapo, koma chimene ndinatsala nacho ndi dzina la ndodo ya aphunzitsi.

Za chikondi zilimo, tisanamizane, ndipo ndi zimene ndinkaopa. Koma chikondi chake n'choyenda pang'onopang'ono moti munthu wa magazi othamanga akhoza kugwa. Mu Kimi ni Todoke ya Karuho Shiina, mabuku 30, mtsikana Sawako ndi wamanyazi, wa tsitsi lalitali lakuda, ndipo anzake amamuopa kuti amaona mizukwa. Iye ndi mnyamata Kazehaya amakondana, aliyense m'kalasi akudziwa, ife owerenga tikudziwa, koma pamatha mabuku ambirimbiri asanauzane. Ine mayi a kunyumba ndinawafunsira pa mjigo ndowa yawo isanadzaze, ndipo yankho linabwera ndowa ya wotsatira isanafike theka. Iwo amati ndi chifukwa chake zinthu zili chonchi. Chimene ndinadabwa n'chakuti masamba ambiri sakamba za mnyamatayo n'komwe. Akukamba za Sawako kupeza anzake awiri, Ayane ndi Chizuru, za miseche imene ikufuna kuwadanitsa, za mtsikana kuphunzira kutsegula pakamwa n'kunena kuti zimene mwamvazo si zoona. Pa msinkhu umenewo miseche ya kusukulu imalepheretsa mwana kudya. Ife akuluakulu timangoti "zachibwana," kenako timapita kukakangana za malire a munda mpaka dzuwa kulowa.

Si mabuku onse amene ndingawavomereze. Boys Over Flowers ya Yoko Kamio, yomwe inayamba mu 1992, ili ndi mtsikana wosauka, Tsukushi, pasukulu ya ana a mabwana, ndi mnyamata wolemera wankhanza amene amamuzunza kenako n'kuyamba kumufuna. Ndinaimitsa kuwerenga n'kulalikira mphindi zingapo kuti mwamuna wokuvutitsa lero sasanduka mngelo chifukwa ali ndi galimoto. Mwanayo anadikira ndimalize, n'kunena kuti iye ndi anzake anakangana kale za zimenezo, ambiri anagwirizana kuti mnyamatayo ndi chitsiru, ndipo chimene amakondera bukulo ndi pamene Tsukushi akukana kugwada. Ulaliki wanga unafika mochedwa, mpingo utabalalika. Enanso mwa mabukuwa ndi a akuluakulu ndithu, ndipo omasuliridwa m'Chingerezi amalemba msinkhu pachikuto chakumbuyo, ngati mwadziwa kuti kumbuyo ndi kuti.

Vuto linabwera pa bawo. Ndinaterereka lilime n'kutchula za mphaka uja wa mu Fruits Basket, Kyo, mnyamata amene banja lake lomwe limamusala chifukwa mphaka sali m'gulu la nyama khumi ndi ziwiri za kalendala yawo, ndipo anamulonjeza kuti akangomaliza sukulu adzamutsekera m'kanyumba moyo wake wonse. Madoda anaseka mpaka nkhomo kubalalika. Wina anati, "Achimwene, mwayamba liti kuwerenga za ana aakazi?" Ameneyu ndi munthu amene amakhala muvidiyo sho tsiku lonse kuonera Atchaina akuuluka pamadenga, womasulira akuwalankhulitsa Chichewa cha ku Ndirande. Ndinamusiya. Mawa lake anandipeza ndikupopa njinga, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa chapansipansi ngati mphaka uja anamutsekeradi.

Sindinathe kumuyankha, chifukwa sukulu zinatsekera, mwana n'kupita kwa mayi ake cha ku Chiringa, foni ndi Chingerezi chake zonse n'kupita naye. Ndinapirira mmene ndikanathera. Kenako ndinauza mayi a kunyumba kuti kwathu kwabuka nkhani ya malire ofunika mwinimbumba. Iwo anangoti, "Mukapereke moni kwa mphakayo."

Ndinapalasa njinga dzuwa lili pamutu. Mchemwali wanga atandiona ndatulukira popanda uthenga, thukuta lili kamukamu, anaganiza kuti kwagwa zovuta, n'kutuma ana kuti agwire tambala. Ndinadya tambalayo ndi nkhope ya munthu wosenza nkhani yaikulu, ndinayenderanso malire amene palibe anawakangana, n'kugwedeza mutu pa chulu chilichonse. Chakumadzulo ndinamupeza mwanayo kuseri kwa khola akusenda chinangwa.

"Iwe, tandiuza msanga. Mphaka uja anamutsekera?"

Anapitiriza kusenda osandiyang'ana. "Amalume, fizi ya teremu ikubwerayi mwalipira?"

Nandolo ndagulitsa dzulo pa Migowi, pamtengo umene mavenda anafuna okha.