Anduna anga a Zamatabwa

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ukafunsa kalipentala mtengo wa chitseko amayamba wakupatsa mpando kuopa kuti ungagwe. Thabwa la paini lochokera ku Chikangawa pofika kuno ku Bwanje limakhala litasanduka chuma cha masiye. Ndiye ine, pokhala munthu wanzeru zanga, ndidagula chainsaw ya kaunjika kwa alamu anga otchona ku Joni, kuti ndizidzichekera ndekha bulugama wa kumunda.

Makinawa ndidawatcha Anduna, ndipo dzinali adaligwirira ntchito okha. Kuti adzuke m'mawa, uwakoke chingwe mpaka phewa liwawe. Akadzuka amalankhula mokweza mpaka a ku Sharpevale kumva, koma ukayang'ana pansi utuchi wake wosadzaza ndi chipande chomwe. Komanso popanda alawansi sasuntha.

Alawansi yawo ndi petulo, koma osati petulo yekha ayi. Injini ya two-stroke imafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wake. A Stihl, opanga ma chainsaw, amati pa malita 5 uthire mamililita 100. Vuto n'lakuti mafuta akasowa, zigubu amazikana pamalo omwetsera, pamene Anduna alibe matayala oti n'kukaima nawo pamzere. Basi ndimakawagulira wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu wa M5, pamtengo umene mayi a kunyumba sadaumvebe.

Tsiku lina Anduna atakomoka, ndidawabereka pa njinga kupita nawo kwa mnyamata wokonza njinga zamoto za kabaza. Adangosuzumira mu silinda n'kupukusa mutu.

"Madala, awa ankamwa oyilo wakufa wa minibasi. Pisitoni yakalika yonse."

Alamu nditawafunsa adati ku Joni Anduna ankagwira ntchito bwinobwino, mwina nyengo ya kuno ndiyo siyikuwayanja.

Apa ndipo padachitika kusintha kwa nduna. Pulagi idachotsedwa paudindo. Pisitoni ndi ring'i adazipumitsa. Fyuluta ya mpweya idapezeka kuti idasiya ntchito kalekale koma inkangokhalabe mu ofesi. Kabineti yonse yatsopano, phokoso lomwe lija.

Mnyamatayo adandiphunzitsa kuti kugwetsa mtengo ndi kung'amba thabwa ndi maunduna awiri osiyana. Mano a tcheni chodulira amanoledwa ndi tupa pa madigiri 30, pamene ong'ambira motsata mtengo amafuna 10. Ndipo popeza pong'amba injini imalira nthawi yaitali osapuma, amamasulako pang'ono sikuluwu ya H pa kabuleta kuti mafuta azilowa ochuluka, injini isapse. Kunena mwachidule, Anduna adakwezeredwa alawansi asadatulutse thabwa ndi limodzi lomwe. Wowotcherera zitsulo nayenso adawapangira felemu yoyendamo kuti asamakhote. Mudaonapo nduna yoyenda popanda mdipiti?

Thabwa loyamba lidatuluka lonenepa kumutu, loonda kumiyendo. Mayi a kunyumba adaliyang'ana, adayang'ananso ine.

"Bambo a ana, ndalama mwathira apazi tikadagulira zitseko mudzi wonse, ndi tchalitchi chomwe."

Ndidayankha monga amayankhira aneneri a Anduna onse, kuti chitukuko sichioneka tsiku limodzi.

Koma tsopano Anduna achira, ndipo bulugama wanga watha. Ndayenda m'mbali mwa mtsinje, ndakweza maso kumapiri: mlombwa ndi mbawa zimene agogo ankapangira zitseko zatsala m'nkhani zokha. Pisitoni ndidaipeza ku Limbe tsiku limodzi; mbawa yoti n'kuchekamo thabwa imafuna zaka makumi angapo, ndipo palibe shopu yogulitsa zakazo. Lamulo la nkhalango lilipo chiyambire 1997, adalinolanso mu 2020, koma mano ake amaluma wa thumba limodzi la makala pa njinga, lole yodzaza matabwa n'kumadutsa madzulo ikuimba hutala. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 December mpaka 15 April akuluakulu amabzala mbande imodzi pamaso pa makamera, n'kusamba m'manja, yotsalayo ndi ntchito ya mbuzi. Tonse tikudziwa kudula, ine ndemwe, koma wothirira sakuoneka.

Choncho Anduna ndikuwagulitsa. Mtengo wake ndi mbande 100 za mbawa, koma mubwere ndi khasu ndi ndowa, chifukwa makinawo mudzatenga mbandezo zikadzapyola msinkhu wa mbuzi.