Ku Daytona munthu sapambana yekha

Loweruka masana, panja pa malo ometera tsitsi ku South Bend, mzinda wa ku Indiana kumene kuli Amalawi ambiri, panaima anthu awiri akudikira mpando kuti upezeke. Wina anali bambo wa imvi, woyendetsa mathiraki a mtunda wautali. Winayo anali mnyamata, mwana wa mlongo wawo, maso ali psuu ndi tulo. Popeza amalankhula Chichewa, ndinatchera khutu.

"Ankolo, gemu ija ndagula, NASCAR 25. Koma yandikhaulitsa usiku wonse."

"Yakukhaulitsa bwanji? Si iwe unkati magalimoto amenewa amangokhotera kumanzere, ngakhale mwana angayendetse?"

Mnyamatayo anapukusa mutu n'kuyamba kufotokoza. Gemuyi inatuluka pa 14 Okutobala 2025 pa PlayStation 5 ndi Xbox, ndipo ili ndi magulu anayi a mpikisano: ARCA, Craftsman Truck, Xfinity ndi Cup. Munthu amayambira pansi ku ARCA n'kumakwera pang'onopang'ono. Iye mtima unathamanga. Anasiya za pansizo, n'kutenga galimoto ya Cup, ulendo wa ku Daytona.

"Ndinali pakati pa mzere, zikuyenda bwino. Ndinaona mpata kumanja, ndinatuluka kuti ndipitirire wakutsogolo. Ankolo, phazi lili pansi pa moto, koma mzere wonse unangondidutsa. Pocheuka, ndili kumapeto."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndiye gemu yoona, mphwanga. Yakumenya ndi mphepo, osati injini. Ine ndikakhala kumbuyo kwa thiraki ina pamsewu waukulu, ndimamva galimoto ikupepuka, chifukwa wakutsogolo akundiboolera mphepo. Ndikangotuluka, yonse imandigunda pamphumi."

Anapitiriza kumuuza kuti bwalo la Daytona ndi la makilomita 4, ndipo makona ake ndi opendekeka madigiri 31, moti dalaivala sachotsa phazi pamoto. Akuluakulu a NASCAR amachepetsa dala mphamvu za injini pabwaloli kuti liwiro lisapyole muyeso, choncho magalimoto onse amakhala ngati ofanana, akuthamanga mothithikana pa liwiro la pafupifupi makilomita 300 pa ola. Awiri ogundizana mphuno ndi msana amathamanga kuposa mmodzi woyenda yekha. Nzeru imeneyi, imene eni ake amaitcha draft, ndi yomwe dalaivala Junior Johnson anapambanira mpikisano wa Daytona 500 mu 1960 ndi galimoto yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya anzake.

Wometa anasuzumira pakhomo, makina ali m'manja.

"Achimwene, musamunamize mwanayo. Magemu a NASCAR tinawataya kale. Ija ya 2021 anthu analira nayo dziko lonse."

Ankanena NASCAR 21: Ignition, imene osewera ambiri anaidandaula chifukwa cha zolakwika zake, ndipo pambuyo pake panadutsa zaka popanda ina yaikulu yoilowa m'malo. Mnyamatayo anayankha msangamsanga kuti panopa eni ake ndi ena. Mu 2023 chilolezo chopangira magemu a NASCAR chinagulidwa ndi iRacing, kampani imene mmodzi mwa oiyambitsa ndi David Kaemmer, yemwe anali patsogolo pa NASCAR Racing 2003 Season, gemu imene akale amaitamandabe. Anthu amenewa amapita pabwalo lenileni ndi makina a laser, n'kuyeza kupendekeka kwa msewu ndi mabampu ake.

"Ndiye ukadumpha pakona m'gemumo, ndiye kuti pabwalopo palidi bampu?" anafunsa wometa.

"Eya, bwana. Ndipo William Byron, amene ali pachikuto cha gemuyi, anayambira pa gemu ya iRacing ali mwana, asanakhalepo m'galimoto ya mpikisano. Wapambana Daytona 500 mu 2024 ndi mu 2025."

Wometa anangoti "Ehe!" n'kubwerera kwa kasitomala wake.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mnyamatayo sanatchulepo za kuwala kwa penti kapena kukongola kwa zithunzi. Zonse zimene ankanena zinali za ntchito ya dalaivala. Atachoka ku Daytona anapita ku Martinsville, kabwalo kosakwana kilomita imodzi kumene magalimoto amazungulira mpaka ka 500. Kumeneko mphepo ilibe mawu ambiri, nkhani ndi mabuleki ndi matayala. Analowa m'makona mwaukali, tayala lakutsogolo kumanja linatentha n'kudyeka, galimoto inayamba kukana kukhota. Mkati mwa mpikisano, anthu amene anawapitirira poyamba anayamba kumudutsa mmodzimmodzi.

"Tayala ndi ndalama ya m'thumba," anatero bamboyo. "Ukaidya yonse m'mawa, madzulo ugona ndi njala. Nanga munthu wa pawailesi uja umamumvera?"

"Spotter? Poyamba ndinkaona ngati akundisokosa. Amangoti kumanja kuli galimoto, kumanzere kuli galimoto."

"Ameneyo ali pamwamba pa bwalo, akuona zimene iwe sungaone. Dalaivala ali m'chipewa, khosi lomangidwa, sangacheuke. Moyo wake uli pakamwa pa munthu ameneyo."

Ine ndikuti gemu imene yachititsa mnyamata wothamanga magazi kuyamba kuganiza za matayala, za mawu a munthu wina ndi za kudikira nthawi yake, yagwira ntchito yabwino. Magemu ambiri a magalimoto amasangalatsa wosewera pomupatsa chikho msanga. Iyi, malinga ndi zimene ndinamva pakhondepo, imamupatsa zimene manja ake agwira, ndipo potero imamuphunzitsa kulemekeza masewero amene anthu ambiri amawaderera. Kuyambira pamene Bill France Sr. anakhazikitsa NASCAR mu 1948, phata lake lakhala lomwelo: magalimoto pafupifupi 40 pamsewu wopanikizika, aliyense akufuna kupambana, koma aliyense akufunikira mnzake kuti afike kutsogolo.

Mpando utapezeka, mnyamatayo anati usiku umenewo abwereranso ku Daytona, akhala mumzere osagwedezeka, ndipo atuluka pa ulendo womaliza wokha.

Bamboyo anamugwira paphewa asanalowe.

"Zabwino. Koma uganizenso ichi. Pali munthu amene akhale akukukankha kumbuyo mpikisano wonse. Pa ulendo womalizawo uyenera kusankha, kupita naye kapena kumusiya m'mphepo. Madalaivala enieni sayiwala amene anawataya, ndipo sabata yamawa mudzakumananso pabwalo lina. Ubwere ndi makina a gemuyo kwathu Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndidzaone usankha chiyani."