Mfiti ya Matayala Yapezeka ku Kawale

Ku Kawale kulibe nyanja, koma kuli boti. Ndi la alamu anga, omwe atapuma pantchito anaganiza zoyamba geni ya usipa ku Senga Bay. Kulisiya kunyanja amakana, akuti angawabere. Kwawo ku Area 23 alandilodi anawauza kuti anachititsa lendi nyumba, osati doko. Ndiye botilo limagona kuseri kwa nyumba yanga, pangolo ya matayala awiri yokokedwa ndi galimoto, ndipo anansi amandifunsa ngati Nowa wanena tsiku.

Alamu anandisankha kukhala injiniya wamkulu wa ngoloyo. Maphunziro anga ndi oti ndinapalasapo kabaza, komanso ndili ndi pampu.

Ulendo wathu susintha. Timanyamuka tambala woyamba, kudutsa ku Kanengo, n'kulowa msewu wa M14 wa ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Tikamafika cha pa Chezi, dzuwa litakwera, msewu utayamba kutsetserekera kotentha, timangomva phuu! Amayi ogulitsa tomato kubalalika, alamu kuyamba malilime, ine chagada pansi pa ngolo ndi jeke wobwereka.

Zitachitika mobwerezabwereza, banja linakhala pansi ndipo linapeza kuti ndi ufiti. Alamu anatchula maina a anthu ansanje mpaka kufika kwa msuweni yemwe anamwalira kalekale. Apongozi anabweretsa madzi odalitsidwa n'kuwaza matayala onse. Ulendo wotsatira tinakaphulitsira cha ku Mvera, patsogolo pang'ono, ndipo apongozi anati umenewo ndi umboni woti pemphero layamba kugwira ntchito.

Amene anatilanditsa ndi mdala wina wokonza matayala ku Biwi. Anazungulira ngoloyo mwakachetechete, kenako anandifunsa: "Achimwene, mpweya mumayeza ndi chiyani?"

"Ndi phazi, madala. Ndikalimenya theche n'kumva kuti ndi! ndiye kuti lakhuta."

"Alamu anuwa asavutike n'kufunafuna," anatero mdalayo. "Mfiti abwera nayo."

Anafotokoza kuti tayala loperewera mpweya limapindikapindika m'mbali likamayenda. Kupindikako kumalitenthetsa mpaka mphira ndi mawaya amkati zimalekana, kenako limaphulika. Mpweya amayeza ndi geji, m'mawa, tayala lisanayende. Apa ndinadzitchinjiriza ponena kuti tikafika kotentha ndimachotsako mpweya pang'ono kuti tayala lipume. Mdalayo anavula chipewa n'kupempha Mulungu andikhululukire. Tayala likatentha mpweya umakwera wokha, ndipo ukauphwetsa ndiye kuti walikumbira manda.

Kenako anatisonyeza manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala, omwe ine ndinkayesa ndi mtengo wa kwa azungu. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. Lathu linali 3509, kutanthauza sabata ya 35 m'chaka cha 2009. Tayala limene ndinakasankha ndekha pakaunjika, n'kunenerera mtengo mpaka thukuta, linabadwa Bingu wa Mutharika akulamulira dziko lino.

"Koma mapanga ake ngatsopano!" ndinakuwa.

Mdalayo anati tayala la ngolo silifa ndi kuyenda, limafa ndi kukhala. Limatha miyezi litaima malo amodzi, padzuwa, litasenza katundu, mphira n'kuuma n'kuchita ting'alu. Makampani akuluakulu opanga matayala amati likakwana zaka 10 lichotsedwe, ngakhale lioneke lokongola ngati mkwatibwi. Ngolo ikamakhalitsa, anatero, muziikweza pazitsa kuti matayala apume, n'kuwaphimba.

Atafunsa za katundu, alamu anayankha kuti ndi boti basi. Anaiwala injini, zigubu za petulo, matumba a ufa opita kwa azakhali, makala, malata a mnzawo wa kutchalitchi, ndi mbuzi yomwe inakwera ulele. Chikhalirecho pa tayala lililonse analembapo makilogalamu omwe lingasenze, ndipo silimva zoti "tingopanikiza, m'pafupi pompa". Katundu akaunjikana mbali imodzi, tayala la mbali imeneyo ndi lomwe limalipira.

Mlandu womaliza unali liwiro. Tayala la ngolo ndi laling'ono, choncho pa mtunda womwewo limazungulira kambiri kuposa la galimoto. Alamu, omwe salola kupitiriridwa ndi minibasi, anayang'ana kumwamba. Mdalayo anawonjezera kuti tikamalowetsa ngolo m'madzi potsitsa boti, madzi amalowerera m'mabering'i n'kuwononga girisi. Choncho panjira tiziima n'kugwira pakati pa wilo, ndipo pakatentha moti dzanja silingapirire, ulendo uyambe waima.

Titawerengetsera ndalama za matayala akaunjika, machubu, zigamba ndi nsima ya anyamata otithandiza kukankha, tinapeza kuti tikanagula matayala atsopano awiri ndi sipeya, chenji n'kutsala. Alamu anandichotsa pa udindo tsiku lomwelo. Pano ndine wothamangitsa nkhuku m'boti, ndipo apongozi akunenetsabe kuti mdala wa ku Biwi uja anatumizidwa ndi madzi awo.

Inu a ngolo, kaya mumanyamula boti, njerwa kapena mipando ya paukwati ku Chinsapo, musanakhuthule thumba kwa sing'anga gulani geji, muwerenge manambala anayi aja, ndipo phazi mulisiyire mpira.