Amalume ndi Timanyumba ta Mawotchi

Amalume anga anamanga nyumba za anthu kwa zaka zoposa 40, ndipo mpaka lero akalowa m'nyumba ya munthu amayamba ayang'ana ngodya, moni pambuyo. Chaka chatha anabwera kuno ku England kudzaona adzukulu. Loweruka lina ndinawatengera ku Portobello Road mu London, kumsika wotchuka wa katundu wamakedzana. Ine ndinkati ndatenga mlendo wokaona zodabwitsa, osadziwa kuti ndatenga folomani wokayendera saiti.

KAUNJIKA WODULA

M'sitolo yoyamba munali mpando wakuda bii, miyendo yofumbwa, mtengo wake wokwana malata a nyumba ya zipinda zitatu.

"Mphwanga, kodi kuno kaunjika amadula kuposa zatsopano?"

Ndinawafotokozera kuti chinthu chikakwanitsa zaka 100 amalonda awa amachitcha antique, ndipo mtengo umakwera. Amalume chifundo chinawagwira.

"Muuze bamboyu andibwereke mpandowu masiku awiri. Sandipepa pang'ono, vanishi kawiri, uwala ngati wa mkwati."

Nditapereka uthengawo, mwini sitolo anadumphira pakati pa amalume ndi mpando, manja tambasu ngati thadzi loona kabawi. Anati kudako ndiye ndalamazo, chifukwa ndi chizindikiro cha manja onse amene anaugwira m'zaka zonsezi, ndipo woupala wapala mtengo wake.

Amalume anatuluka mwakachetechete. Tili panja anati, "Kani litsiro la kuno amagulitsa? Kwathu tinkalisesa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake tinasauka."

WOKHALA M'NYUMBA YOSANJA

M'sitolo yachiwiri munaima wotchi yaitali kuposa munthu, ija Angerezi amaitcha wotchi ya agogo aamuna. Dzinalo linafala ndi nyimbo imene Henry Clay Work wa ku America anapeka mu 1876. Kumutu kwake kunali tizipilala tiwiri, pamwamba kadenga kosongoka ngati ka kachisi wa Agiriki. Mawotchi oyambirira a mtunduwu, a ku London a m'ma 1660, ankawapanga dala choncho, potengera mamangidwe akale a Agiriki ndi Aroma.

Amalume anaizungulira, anaigogoda m'nthiti, kenako anatsegula kachitseko kapamimba. Anapezamo zitsulo ziwiri zolemera zili lende pa zingwe, ndi china chachitali chikupita uku ndi uku.

"Nyumba yosanja yonseyi, wokhalamo ndi yekhayu?"

Ndinati eya. Cholendeweracho n'chotalika pafupifupi mita imodzi, chifukwa cha msinkhu umenewo ndicho chimatenga sekondi imodzi kuchoka mbali iyi kufika inayo. Amene anayamba kuyendetsa wotchi ndi cholendewera ndi Christiaan Huygens wa ku Holland, mu 1656. Bokosi lalitalilo anamangira cholendeweracho ndi zitsulo zolemerazo, kuti fumbi, ana ndi amphaka asamazisokoneze.

"Lendi amalipira?"

"Ayi. Mwini nyumba ndiye amabwera ndi kiyi kamodzi pa sabata kudzam'pukusa, apo ayi sagwira ntchito."

Amalume anatseka kachitseko kaja mwaulemu.

"Ameneyu si wa lendi," anatero. "Ndi wachibale."

LEVULO

Pambali pake panali inzake ili duu. Mwini sitolo anadandaula kuti chiisunthireni imangoyenda pang'ono n'kuima, ndipo wokonza mawotchi wati abwera mwezi wamawa. Amalume anakankha cholendewera, n'kuika khutu pabokosi.

"Ikutsimphina," anatero.

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kalevulo kamene sasiyana nako, kumaliro ndi kuukwati komwe. Anakaika pamwamba pa tsinde la wotchi, anapinda katoni yamachesi, n'kuilowetsa pansi pa mwendo wakumanzere. Wotchi inayamba kugunda mofanana, kha, kha, kha, osaimanso. Mawotchi amenewa ndi otero ndithu: akapendekeka, cholendewera chimapita kwambiri mbali imodzi, mpaka mphamvu kutha.

Mwini sitolo anasowa chonena, anatipatsa tiyi. Amalume anamwa, anathokoza, kenako anandikodola.

"Muuze kuti wotchi ilibe mlandu. Wolakwa ndi amene anawaka pansi pano. Amuitane adzagumule."

Uthenga umenewo ndinaumasulira kuti tiyi wakoma.

DENGA LA CHIPPENDALE

Kwina tinapeza kabati yamabuku ya matabwa ofiirira onga mbawa. Denga lake linakwera mbali zonse ziwiri, koma pakati silinakumane, ndipo pampatapo anaikapo kamtsuko kosema. Wogulitsa anati ndi kapangidwe ka Thomas Chippendale, kalipentala wotchuka wa mu London, amene mu 1754 anatulutsa buku la zojambula za mipando ndi makabati. Bukulo limayamba ndi mitundu isanu ya zipilala za nyumba zakale, pakuti ankakhulupirira kuti wopala matabwa ayenera kudziwa zomangamanga.

"Anayamba bwino ndi zipilala," anatero amalume, "koma tsamba la denga linang'ambika. Taona, malata osakumana pamsana. Mwiniwake anadziwa kuti ilowa mvula, ndiye anatcheratu kamtsuko."

Wogulitsa sanamve, koma anaona kuti mkuluyu ndi wovuta. Anatsegula desiki yolembera imene m'kati mwake munali kakhomo ndi tizipilala tiwiri, ngati khonde la bwanankubwa. Anagwira kachipilala kamodzi n'kukoka. Kanasololoka, kali kogoba m'kati. Anati eni ake ankabisamo makalata ndi ndalama.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali, akuyeza kachipilala kaja ndi zala.

"Chipilala chogoba sichinyamula denga," ananong'ona, "koma ichi ndachikhululukira. Azakhali ako usawauze zimene waona pano."

TCHALITCHI CHOPANDA MAKOMA

Pashelefu ina panali wotchi yamkuwa yovundikiridwa ndi galasi looneka ngati nkhali yozondotsa. Inali ndi nsanja zitatu zosongoka ndi mazenera a tchalitchi, koma makoma inalibe. Mawilo onse a mano anali poyera ngati nthiti za ng'ombe ya chaka cha chilala. Amisiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankakonda mawotchi otere, otengera matchalitchi akuluakulu monga York Minster ndi Lichfield Cathedral, chija cha nsanja zitatu.

Amalume anavula chipewa.

"Tchalitchi ichi ndachizindikira. Ndi chathu chija cha kumudzi. Mizati ilipo, nsanja ilipo, makoma tikudikira Pepa Sande ya chaka chamawa."

Anaiyang'ananso. "Kusiyana kwake n'kwakuti ichi chimasunga nthawi. Kwathu mapemphero a 9 koloko amayamba abusa akamaliza tiyi."

Kenako ananditumanso: "Muuze kuti ku Blantyre kuli St Michael and All Angels. David Clement Scott anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, munthu wosaphunzira zojambula mapulani, pamodzi ndi anthu akwathu, ndi njerwa zowotcha komweko. Ndipo iwowo makoma anamaliza."

Umenewu ndinaumasulira wonse, osadula.

KABATI YA MAMILIYONI

Wogulitsa, pofuna kubwezera, anatulutsa buku la zithunzi n'kutionetsa kabati yotchedwa Badminton Cabinet. Anaipangira ku Florence, ku Italy, atayiitanitsa mu 1726 mnyamata wa zaka 19 amene anali Duke wa Beaufort. Ndi ya matabwa akuda onga phingo, yokongoletsedwa ndi miyala yamtengo wapatali ndi mkuwa wopaka golide, yotalika pafupifupi mamita anayi, pamwamba pake pali wotchi. Mu 2004 inagulitsidwa pa okushoni mu London pa mapaundi 19 miliyoni.

Amalume anatulutsa foni kuti asandutse ndalamazo makwacha. Manambala anadzaza galasi la foni mpaka kusefukira. Anaibweza m'thumba ngati yatentha.

"Mamita anayi? Imeneyo umayamba waiimika pabwalo, kenako n'kumanga nyumba moizungulira. Amasungamo chiyani?"

"Palibe, amalume. Anthu amangopita kukaiona."

"Ndiye azakhali ako ali patsogolo. Displeyi yawo ija ndinawagulira mu 1978 nayonso anthu amangoiona, koma iyo muli mbale. Zoti palibe anadyerapo ndi nkhani ina."

MMISIRI WENIWENI

Dzuwa litapendeka tinapeza nyumba imene folomani anaivomera. Inali kawotchi kapakhoma kooneka ngati kanyumba, denga lotsetsereka bwino, lotuluka mbali zonse, kachitseko kali pansi pa denga.

Kapangidwe kameneka kanachokera ku Black Forest, ku Germany. Mu 1850 sukulu ya zamawotchi ya ku Furtwangen inapempha akatswiri kuti ajambule maonekedwe atsopano a mawotchi. Friedrich Eisenlohr, amene ankajambula nyumba za kunjanji m'dera la Baden, anangotengera kanyumba ka mlonda wa njanji n'kuikapo manambala.

"Waona?" anatero amalume. "Uyu yekha ndiye anagwirapo ntchito pa saiti. Denga lotere madzi sangakhudze khoma."

Ali pakati poyamikira, 4 koloko inakwana. Kachitseko kanatseguka, kambalame kanasuzumira, kanakuwa kanayi, n'kumenyetsa chitseko. Wogulitsa anawaonetsa kumbuyo kwake timivukuto tiwiri tofanana ndi ta osula makasu, tikupopera mpweya m'tizitoliro tiwiri.

"Mneba wathu uja ndendende," anatero amalume. "Kutsegula zenera, kulalata, kutseka usanayankhe."

Kawotchiko sikanali kamakedzana kwenikweni, ndiye mtengo unali wa anthu. Komabe amalume ananenerera ngati ali mumsika wa Limbe. Anatuluka m'sitolo katatu kuti awaitane. Palibe anawaitana. Ulendo wachinayi anabwerera okha n'kulipira.

ZIKOTI ZINAYI

M'basi anamasula phukusi kuti aonenso katundu wawo. Mwadzidzidzi anandigwira bondo.

"Werenga apa."

Pamalo pa folo panalembedwa IIII, osati IV. Ndinawauza kuti mawotchi ambiri a manambala achiroma amalemba choncho kuyambira kale, ndipo ena amati n'kufuna kuti mbali imeneyo ilemere mofanana ndi VIII wa mbali inayo.

"Ine mu Sitandade 4 ndinalemba chonchi, aphunzitsi anandikwapula zikoti zinayi, chimodzi pa ndodo iliyonse. Jambula ndikawaonetse."

"Amalume, aphunzitsiwo anatisiya kalekale."

"Ana awo alipo."

Tinatsikira ku Westminster kuti aone wotchi yaikulu ya pansanja. Anayang'ana m'mwamba, maso tong'o, akuwerenga manambala. Pa folo panali IV woonekera bwino.

"Apa usajambule," anatero.

KANGACHEPE

Pofuna kuwatonthoza ndinawauza zina za nsanjayo: kuti Big Ben kwenikweni ndi dzina la belu lolemera matani oposa 13, kuti nsanjayo imatchedwa Elizabeth Tower kuyambira 2012, ndi kuti wotchiyo inayamba kuyenda mu 1859. Ndinawonjeza kuti oisamalira amaikonza mayendedwe ndi makobidi akale amene amasanja pamwamba pa cholendewera chake. Akawonjeza khobidi limodzi, wotchi imafulumira ndi magawo awiri mwa asanu a sekondi pa tsiku. Akachotsa, imachedwa.

Amalume nkhope inawala.

"Bwereza. Ukaipatsa khobidi imafulumira?"

"Eya."

"Ukailanda imayamba kuzengereza?"

"Momwemo."

Anapumira m'mwamba ngati munthu wakumana ndi wakwawo kuchilendo.

"Basi mphwanga, dziko ndi limodzi. Popanda kangachepe palibe chimayenda."

LAMYA YOCHOKERA KUMUDZI

Patatha sabata ziwiri chibwerereni kwawo, anandiimbira pa WhatsApp. Nkhani zinali ziwiri.

Yoyamba inali ya kambalame. Mbiri yake inawanda mudzi wonse, ndipo 12 koloko ikamayandikira anyamata amasonkhana pazenera ndi malegeni, poti nthawi imeneyo ndiye kamatuluka kwambiri. Mphaka naye anasiya makoswe, amangokhala pansi pa wotchi tsiku lonse. Amalume tsopano amadya nsima ya masana atakhala pakhomo, ndodo ili pambali.

Yachiwiri anaiyamba ndi mawu otsika. M'ndege monse ankawerengera kuti displeyi ya 1978 ija idzakwanitsa zaka 100 mu 2078, ndipo adzukulu adzalemera nayo. Anakonza zoitanitsa banja lonse n'kulamula kuti pasapezeke woikhudza, ngakhale ndi kansalu konyowa. Atafika anapeza azakhali, pofuna kuwalandira bwino, anaitana mnyamata amene anaipala ndi sandipepa mpaka kuyera, n'kuipaka penti ya oyilo yobiriwira ngati chitseko cha golosale.

"Ndiye munatani, amalume?"

"Ndinayamika. Ndikanatani? Kenako ndinawafotokozera za kuja, kuti chinthu chikakalamba n'kufumbwa ndiye mtengo umakwera."

Apa ndinamva kukokana kwa foni, kenako mawu a azakhali, omveka bwino ngati ali chipinda chomwecho.

"Iwe mwana, ukawafunse azungu akowo. Ngati akugula zakale zofumbwa, ine ndili nacho chimodzi kuno, chimayenda ndi levulo m'thumba. Sindinachipalepo chikwatirane. Anene mtengo, nditumiza momwemo."