Abusa, Nanga Abele Anasankha Chiyani?

Abusa, pepani ndikuchedwetseniko pang'ono. Zimene munatiphunzitsa m'kalasi Lamulungu lapitali zandisowetsa tulo. Munati Mulungu anatipatsa ufulu wosankha chifukwa safuna kuti timukonde mokakamizidwa. Zimenezo ndamva. Koma Kaini atasankha kupha m'bale wake kumunda kuja, nanga Abele anasankha chiyani? Ufulu wake unapita kuti?

Kunyumba kwathu, amayi akaona kamlongo kanga katatola mpeni, sayamba kuganiza za ufulu wake. Amangokalanda mpeniwo, kalire kasalire. Inu mumati Mulungu amatikonda kuposa mmene amayi amatikondera. Bwanji tsono Iye salanda chikwanje m'manja mwa munthu wakupha?

Kale ndinkaganiza kuti ochita zoipa ndi okhawo osapemphera. Kenaka ndinawerenga za ku Rwanda. Mu 1994, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100 okha, m'dziko limene anthu ambiri ndi Akhristu. Atutsi, mtundu wa anthu amene ankasakidwawo, ankathawira m'matchalitchi poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu palibe angawakhudze. Ku Nyange, tchalitchi chinagumulidwa ndi katapila anthu oposa 1,500 ali m'kati, ndipo khoti la ku Arusha linapeza wansembe wa pomwepo, Athanase Seromba, wolakwa pa imfa zawo. Abusa, munthu ameneyu anabatizidwa, ankabatizanso ena. Kodi madzi a ubatizo sanafike mumtima mwake? Nanga mapemphero a anthu aja denga likuwagwera, anawamva ndani?

Palinso china. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Apa anasankha ndani? Ena amati anthu anadula mitengo n'kumanga m'mphepete mwa phiri. Chabwino. Nanga khanda limene linafera kumsana kwa mayi ake, linadula mtengo uti?

Komatu pali nkhani imodzi imene imandiletsa kutaya chikhulupiriro. Ku Rwanda komweko, m'tauni ya Gisenyi, kunali mayi wina Mhutu wa Chikatolika, Felicitas Niyitegeka. Ankabisa Atutsi ndi kuwathandiza kuwolokera ku Zaire. Mlongo wake, yemwe anali mkulu wa asilikali, anamuuza kuti athawe, iye n'kukana kusiya anthu amene ankawasunga. Anaphedwa nawo limodzi. Mpingo womwewo, ubatizo womwewo, mwezi womwewo wa Epulo: wina anagumulitsa tchalitchi, wina anafera alendo ake. Kodi Mulungu akanachotsa ufulu wa Seromba, wa Felicitas ukanatsala? Kapena manja amene Mulungu amalanda nawo chikwanje ndi athu omwewa?

Za Abele ndi khanda lija mtima wanga sunakhazikikebe, Abusa, ndipo m'kalasi ndibwera nazonso. Koma lero ndiuzeniko chimodzi chokha: munthu amaphunzira bwanji kusankha ngati Felicitas, tsiku loopsalo lisanafike?