Ndifunseko za tambala wabuluu ndi chipewa cha a Chilembwe

Akuluakulu, safunsa adadya phula, ndiye ndiloleni ndifunseko. Mafunso anga ndi aang'ono, koma akundisowetsa mtendere.

Loyamba ndi la mbuzi. M'magulu a WhatsApp a kuno ku Chiradzulu simutha tsiku osalandira chithunzi cha nyama. Mbuzi yakwezedwa pa kabaza, yakhala tsonga kumbuyo kwa wopalasa, maso ali patsogolo. Mphaka wavekedwa tayi. Nyani wagwira foni, nkhope ili ndwii. Amene watumizayo ndi yemwe uja amadandaula za mtengo wa feteleza, koma wapatula kangachepe, wagula bandulo, kuti ife tiseke. Nanga n'chifukwa chiyani mbuzi ikalowa m'munda timaithamangitsa ndi miyala, koma ikalowa m'foni timaitumiza kwa apongozi? Mbuzi ndi yomweyo. Chasintha n'chiyani? Kapena tikuseka munthu amene tamuzindikira pankhope ya mbuziyo, monga momwe agogo ankatchulira Kalulu ndi Fisi pamene akunena anthu a m'mudzi momwemo?

Pakati pa zithunzi zoterezi pamayendanso cha tambala wabuluu, wamtali kuposa nyumba, ataima pachulu cha miyala pakati pa mzinda. Munthu angaganize kuti n'chopanga pa kompyuta, koma tambalayo analipodi. Anamuumba ndi mayi wa ku Germany, Katharina Fritsch, ndipo anamuimika mu 2013 pabwalo la Trafalgar Square ku London, kutalika kwake kupitirira mamita 4. Kwathu kuno tambala ndi ndalama, ndi chizindikiro cha chipani, ndi ndiwo ya mlendo wolemekezeka. Kumeneko anaima pakati pa zoumba za mafumu ndi akuluakulu a nkhondo. Kodi amene analola zimenezi sankaopa kuti mafumuwo anyozeka? Kapena n'zimene ankafunazo, kuti wodutsa ayang'ane tambala, ayang'ane mkulu wa nkhondo, adzifunse kuti akudzitukumula kwambiri ndani?

Mbiri ya chulucho nayo ndi yodabwitsa. Chinamangidwa mu 1841 kuti paikidwe choumba cha mfumu William IV itakwera hatchi, ndalama n'kutha, malo n'kukhala opanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 anayamba kuikapo ntchito za amisiri amakono mosinthanasinthana. Mu 2016 David Shrigley anaikapo dzanja lotukula chala chachikulu chotalika modabwitsa. Mu 2020 Heather Phillipson anaikapo mulu wa kirimu, pamwamba pake kachipatso kofiira, pambali ntchentche yaikulu itakakamira. Ntchentche! Anthu anakhala pansi, n'kukambirana, n'kuvomereza, n'kutulutsa ndalama. Ine ndimafuna kudziwa zimene ananena pamsonkhano umenewo.

Koma funso langa lenileni lili pa zimene zinabwera ntchentche itachoka. Mu September 2022, pachulu chomwecho panaima amuna awiri ochokera m'chithunzi chojambulidwa kuno kwathu, ku Mbombwe, mu 1914, pa nthawi yotsegulira tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission. Mmodzi ndi mbusa John Chilembwe, winayo ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Anawaumba ndi Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975, amene anadzera ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College ndipo amaphunzitsa zaluso ku Oxford.

Chiyang'aneni bwino chithunzi cha choumbacho. A Chorley ali ndi msinkhu wa munthu wamba. A Chilembwe ndi chimphona, pafupifupi mamita 5, avala suti, chipewa chili pamutu. Pa K500 ndi pa K2000 timawagwira tsiku ndi tsiku, timagulira tomato pa Mbulumbuzi, timalipira minibasi ya ku Limbe, koma chipewa sitichiganizira. Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo wosavula ankatha kumenyedwa. A Chilembwe anajambulitsa ali nacho, mzungu ali pambali pawo. Kanthu kakang'ono chonchi, kotchinga dzuwa basi, kankaopsa bwanji boma lokhala ndi mfuti? Ndipo a Chorley, amene anavomera kuima pomwepo, mtima wawo unkanena chiyani?

Apa mpamene ndimasokonezeka. Kukuza munthu mmodzi ndi kuchepetsa mnzake ndi masewera amene mwana aliyense amachita akamajambula pansi ndi kamtengo: amene amamukonda amamujambula wamkulu. Koma nkhani ya a Chilembwe si yamasewera. Pa 23 January 1915 anthu awo anaukira ku Magomero, mzungu wina wotchedwa William Jervis Livingstone anaphedwa, ndipo pa 3 February a Chilembwe nawonso anawomberedwa akulowera cha ku Mozambique. Ambiri ananyongedwa, tchalitchi chija chinagwetsedwa, mishoni inakhala yotseka mpaka mu 1926 pamene Dr. Daniel Malikebu anaitsegulanso. Kodi n'kololedwa kusewera ndi nkhani imene anthu anafera? Ine ndikaona chimphonacho ndimayamba ndamwetulira, kenako chifuwa chimalemera. Kodi zimenezi zimachitikira ine ndekha? Mwina chikanakhala choumba wamba, cha msinkhu woyenera, anthu a ku London akanangodutsa osacheuka, ndipo dzina la Mbombwe silikanamveka.

Bambo Kambaluwa ali ndi chizolowezi chimenechi. Cha m'ma 2000 anatenga mpira n'kuumata ndi masamba a Baibulo, n'kuutcha Holy Ball, n'kuitana anthu kuti aumenye. Ine, amene ndinaphunzitsidwa kuti Baibulo siliikidwa pansi, ndimachita nthumanzi. Koma ndimafunsabe: ankanyoza, kapena ankati mawu a Mulungu asamangokhala m'kabati? Amajambulanso timafilimu tatifupi, tosapitirira mphindi imodzi, timene amatitcha Nyau Cinema, potengera Gule Wamkulu. Choumba cha ku London chija anachitcha Antelope, koma mukachizungulira simupezapo nyama. Nyamayo ili kuti? Kodi ndi yomwe ija imatuluka kudambwe, yolukidwa ndi makoko a chimanga, anthu ali mkati, imene timati Kasiyamaliro?

Ndikafika pamenepa ndimayang'ana za kwathu ndi maso ena. Mwana wa ku Namitambo amatola majumbo, amakulunga, amamanga ndi malamba, mpira wachikulunga watheka. Mnzake amapinda mawaya, amadula matayala kuchokera ku patapata wakutha, amaika chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, ndipo galimotoyo imakhota ndithu akapotoza dzanja. Pakhoma la ometa tsitsi pali mitu yojambulidwa ndi penti, makutu aakulu, maso oyang'ana kumbali. Ovina Tchopa, gule wa Alomwe amene UNESCO inamulemba mu 2014, amabereka zikopa za nyama, zidole ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Zonsezi zimaseketsa, zonsezi zili ndi nzeru. Bwanji mpira wa a Kambalu umalowa m'nyumba zoonetsera zaluso, pamene wa mwana wa ku Namitambo umathera m'ngalande? Amene amasankha kuti ichi ndi luso, ichi ndi zibwana, amakhala kuti? Kodi chimafunika ndi sukulu, kapena munthu wokuimira kumbuyo, kapena kungolimba mtima n'kunena kuti ichi ndapanga dala?

Sindikunena izi mwa nsanje. Ndimanyadira kuti mwana wa dziko lino anaimika mbusa wa ku Chiradzulu pamtima pa mzinda umene unkalamulira Nyasaland, ndipo anakhalapo mpaka mu 2024. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri a ife choumbacho tinachionera pafoni, kachithunzi kochepa ngati bokosi la machesi, kopanikizika pakati pa mbuzi ya pa kabaza ndi uthenga wa maliro. Ena anangoika kankhope koseka n'kupitirira, osadziwa kuti amuna awiriwo anajambulidwa pamtunda woyenda pa njinga kuchokera pakhomo pawo.

Chaka chilichonse pa 15 January magalimoto a akuluakulu amadzaza ku Providence Industrial Mission, makwaya amaimba, nkhata zamaluwa zimaikidwa. Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 6 wabwera tsiku limenelo atapanga a Chilembwe ake a mawaya, miyendo italiitali, chipewa cha chitini cha mkaka, pambali pake kamzungu kofika m'mawondo. Alonda a pachipata angamulole kudutsa? Ndipo akamulola, angamuike kutsogolo pafupi ndi nkhata, kapena angamuuze kuti akasewerere uko, kuno kuli mwambo?