Chikomekome cha Mkuyu Pomanganso Nyumba

"Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere," amatero akuluakulu. Nkhuyu zamakono sizilendewera mumtengo. Zimayenda ndi miyendo iwiri, ndipo zimapsa msanga kukagwa tsoka. Namondwe Freddy ataomba mu Marichi 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo chakummwera, m'maboma monga Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje. Munthu wogona m'kalasi chifukwa nyumba yake inagwa amafuna denga lerolero, ndipo changu chotere ndicho phwando la akathyali.

Nkhuyu yoyamba ndi mmisiri wosadziwika kwawo. Amafika atavala chipewa cholimba, pensulo ili kukhutu, n'kulonjeza kuti nyumba iima Loweruka lisanakwane, bola alandiriretu ndalama zonse. Akalandira, chimene chimaima ndi foni yake. Mmisiri weniweni amatha kuloza nyumba imene anamanga, mwini wake n'kumuvomereza. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni, malipiro aziperekedwa pang'onopang'ono: maziko akatha, khoma likafika pamwamba, denga likakhomedwa.

Yachiwiri ndi katundu wotchipa modabwitsa. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, koma lina limaonda panjira, kenako n'kunenepanso ndi mchenga kapena phulusa. Thumba losokedwanso pakamwa, kapena la simenti youndana chifukwa chonyowa, n'lofunika kulisiya pomwepo. Malata nawo ali ndi msampha wake: nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. Wogulitsa wonyadira kuti geji 32 imaposa 28 amanena zoona pa masamu pokha; mphepo sinapite kusukulu. Ndi bwino kugula musitolo yodziwika n'kusunga lisiti.

Yachitatu ndi mlembi wa chithandizo. Amabwera ndi kope latsopano ndi nkhope ya chisoni, akufuna "kangachepe" kuti dzina lilowe m'kaundula. Mnzake safika n'komwe: amaimba foni kuti malata atuluka, chatsala n'kutumiza ya mayendedwe kapena kutchula nambala yachinsinsi. Chithandizo cha pangozi sichigulidwa. Kalembera wake amadzera ku khonsolo ya boma, mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi, mogwirizana ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo wofuna ndalama kuti alembe munthu ayenera kukanenedwa kupolisi.

Mwambiwu suletsa kudya nkhuyu. Umangolangiza kuing'amba kaye, ndipo mmisiri woona mtima sakwiya akafunsidwa kumene anamangako.